Kodi gravity ndi mphamvu yokoka, kapena ndi kupindika kwa malo ndi nthawi?

Mphunzitsi wina wa Physics pa sekondale yoyendera kufupi ndi Chitakale, ku Mulanje, watilembera motere: "Ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 kuti gravity ndi force imene dziko limakokera zinthu pansi. Mwana wina wabwera ndi kanema wa pa foni wonena kuti gravity si force, koma ndi kupindika kwa spacetime, ndipo kuti Einstein anatsutsa Newton. Zoona ndi ziti, nanga anawa ndiwauze chiyani?"

Aphunzitsi, funso la mwanayo ndi lomwe Albert Einstein analimbana nalo zaka zisanu ndi zitatu, kuyambira 1907 mpaka 1915, choncho muliyamikire. Inunso simunaname. Tikafuna kulondola mpaka kumapeto, kanemayo akunena zoona: gravity siili ngati chingwe chokoka ngolo, koma ndi mmene malo ndi nthawi (spacetime) zimapindikira pafupi ndi chinthu cholemera ngati dziko. Pomwe kanemayo wapitirira muyeso ndi ponena kuti Newton anatayidwa. Masamu a Newton a mu 1687 akugwirabe ntchito lero, ndipo a Einstein amabwerera kwa iwo paliponse pamene gravity ndi yofooka ndipo zinthu zikuyenda pang'onopang'ono. Koma anawo akangomva mawu awa adzawaloweza osawamvetsa. Yambani ndi botolo.

Tengani botolo la pulasitiki la malita 2. Tenthetsani msomali pamoto, mubowole mabowo awiri oyang'anana m'mbali mwake, zala ziwiri kuchokera pansi, lililonse la mamilimita 3 kapena 4. Tsekani mabowowo ndi zala, dzazani madzi, chivindikiro musaikepo. Mwana mmodzi akwere pa desiki panja, agwire botololo pakhosi pa msinkhu wa mamita 2, mnzake achotse zala. Madzi ayamba kutuluka ngati timipopi tiwiri. Kenako wogwira uja angotsegula dzanja. Botolo likangoyamba kugwa madzi amaduka, ndipo sabweranso mpaka litagunda pansi. Ulendo wonse ndi wa sekondi 0.64, choncho wina ajambule ndi foni kuti muuonerenso pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimene zimaononga ntchitoyi ndi zitatu. Mukatseka chivindikiro, mpweya wakunja umaletsa madzi kutuluka botolo lisanagwe n'komwe, ndiye palibe chimene mwaonetsa. Mwana akaliponya molizunguliza, kuzungulirako kumakankhira madzi kunja. Akalifinya polisiya, madzi amatumphuka pamwamba.

Madzi aja amatuluka chifukwa apamwamba ankapsinja apansi, apansi anatsamira pa botolo, botolo linatsamira pa dzanja. Dzanja litachoka panalibenso chotsamira, ndipo kulemera kwa madzi kunazimiririka. Newton ali nalo yankho pamenepa: dziko likukoka botolo ndi madzi omwe, zonse zikugwa ndi acceleration (kuwonjezereka kwa liwiro) imodzi, ndiye palibe chopsinja chinzake. Ndi zoona. Koma chifukwa chiyani acceleration yake ili imodzi? Maginito amakoka msomali n'kusiya pulasitiki. Mphepo ya chiperoni imaulutsa tsamba la tiyi n'kusiya mwala. Force iliyonse imene tikuidziwa imasankha. Gravity yokha ndiyo sisankha.

Lembani pa bolodi mizere iwiri imene ana akuidziwa kale, F = mg ndi F = ma, pomwe F ndi force, m ndi mass ya chinthucho, a ndi acceleration yake, ndipo g ndi acceleration ya gravity. Mukaiphatikiza, m amafafanizika, n'kutsala a = g. Timachita izi chaka ndi chaka osaima kuti tidabwe. Komatu m woyambayo akunena kuchuluka kwa mmene dziko likukokera chinthu, pamene wachiwiriyo akunena mmene chinthucho chimakanira kusunthidwa, monga mmene wilibala yodzaza mchenga imavutira kuikankha ngakhale pamalo athyathyathya. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo m'masamu a Newton mulibe chifukwa choti zifanane. Zimangofanana. Mu 1971 David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga pa mwezi, pomwe palibe mpweya, ndipo zinafika pansi limodzi. Setilaiti ya ku France yotchedwa MICROSCOPE inayerekeza kagwedwe ka zitsulo za titanium ndi platinum, ndipo zotsatira za mu 2022 sizinapeze kusiyana mpaka pa gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000,000. Chinthu chofanana mpaka pamenepo si mwayi. Einstein anaona kuti ngati zonse zimatsata njira imodzi posatengera kuti zinapangidwa ndi chiyani, ndiye kuti nkhani siili mu zinthuzo, ili mu njirayo.

Sikelo imanena zomwezo. Ija yopachika pa mtengo, ya ogula nandolo kapena yoyezera masamba ku esiteti, siyeza kukoka kwa dziko. Imayeza mphamvu imene mbedza ikugwirira thumba kuti lisagwe. Chingwe chopachikira sikelo chitaduka, sikelo ndi thumba n'kumagwa limodzi, muvi ungabwerere pa ziro thumba likadali pa mbedza. Izi mutha kuziona bwino pa foni. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi kachipangizo kotchedwa accelerometer, kamene kamatembenuza chithunzi mukapendeketsa foni. Ikani app yaulere yoonetsa manambala ake, musankhe gawo losonyeza acceleration yonse pamodzi ndi g. Gawo lolembedwa linear acceleration limachotseratu g, ndipo lidzakusokonezani. Foni ili phee pa tebulo, mudzaona pafupifupi 9.8, kuloza kumwamba. Kuno ku Mulanje nambala yeniyeni ili cha pa 9.78, koma kachipangizo ka foni kamaphonya pang'ono, musadandaule nazo. Tsopano igwetseni pa matiresi kuchokera pa mita imodzi, osaizunguliza. Kwa sekondi 0.45 nambala idzatsikira pafupi ndi ziro.

Apa m'pamene pagona nkhani. Foni imamva minibasi ikamanga mabuleki, imamva ikakhota, imamva dzanja likaigwedeza. Force iliyonse yeniyeni imaimva. Koma pamene gravity yokha ndiyo ikugwira ntchito, foni siimva kanthu. Chimene imamva ikakhala pa tebulo ndi tebulolo likuikankha. Inunso kulemera kumene mukumva panopa ndi mpando ukukukankhani kumwamba. Anthu a mu International Space Station, makilomita pafupifupi 400 kumwamba, amayandama osati chifukwa kulibe gravity. Kumeneko g ili cha pa 8.7, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a kuno. Iwo ndi chombo chawo akugwa limodzi ngati madzi ndi botolo lija, kungoti akuthamangira cham'mbali pa makilomita 7.7 pa sekondi, choncho amagwa mozungulira dziko osaligunda.

Ndiye kwa Einstein, chinthu chakugwa ndicho chasiyidwa pa mtendere, chikuyenda njira yake yowongoka. Mwana adzafunsa kuti njira yowongoka ingakhote bwanji. Bwerani ndi dzungu lobulungira bwino kapena mpira. Lembani mzere wozungulira pakati ngati equator. Ikani madontho awiri pa mzerewo, ndipo kuchokera pa dontho lililonse matani tepi yopyapyala kulunjika pansi pa dzungu, osaipinda kumanja kapena kumanzere. Tepi ikachita makwinya mbali imodzi ndiye kuti mwaikhotetsa. Mizere iwiriyo imayamba mofanana ngati njanji, koma imakakumana pansi. Palibe chimene chaikoka. Pa dziko lenileni, anthu awiri oyambira pa equator atatalikirana digiri imodzi, makilomita 111, n'kumayenda molunjika kummwera, pofika pa mzere wa madigiri 16 pomwe pali Mulanje amakhala atatalikirana makilomita pafupifupi 107. Akanakhala kuti sadziwa zoti dziko ndi lobulungira, akanalumbira kuti pali mphamvu ina ikuwakokera pamodzi, ndipo akanatha kuilembera masamu olondola ndithu.

Chithunzi chofala, chija cha chitenje chokokedwa m'makona n'kuikapo mwala pakati, tikupempha kuti musachidalire. Chimafotokoza gravity pogwiritsa ntchito gravity yomweyo, popeza mwalawo ukumira m'chitenje chifukwa dziko lili pansi pake. Choipa kwambiri n'chakuti chimaonetsa malo okha, n'kusiya nthawi. Komatu chimene chimagwetsa peyala mu mtengo, pafupifupi chonse, ndi kupindika kwa nthawi.

Mawu akuti spacetime akutanthauza malo ndi nthawi zolukidwa pamodzi ngati mkeka, moti sungakoke mbali imodzi osasuntha inayo. Pafupi ndi chinthu cholemera nthawi imayenda mochedwerapo, kutali nacho imafulumirapo. Sikuti wotchi yaonongeka. Mtima, kukula kwa mbewu, chilichonse chimatsata nthawi ya pamalopo. Kusiyanako mutha kukuwerengera ndi ana: g kuchulukitsa ndi h, kugawa ndi c², pomwe h ndi kusiyana kwa msinkhu ndipo c ndi liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Sapitwa, nsonga yaitali ya phiri la Mulanje, ili pa mamita 3,002. Tengani mudzi wa m'munsi mwa phiri wotsika ndi mamita 2,300. Mukachulukitsa 9.78 ndi 2,300 mupeza 22,494. Mukagawa ndi c², yomwe powerengera m'mamita ndi 90,000,000,000,000,000, mupeza 0.00000000000025. Chaka chili ndi masekondi pafupifupi 31,557,600, choncho wotchi ya pa Sapitwa imatsogola ndi ma microsecond pafupifupi 8 pa chaka, pomwe microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Pa zaka 80 sizikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Zimenezi zinayezedwa. Robert Pound ndi Glen Rebka anaziona ku Harvard mu 1960 pa nsanja ya mamita 22.5, ndipo mu 2010 akatswiri a ku NIST ku America anaziona pokweza wotchi ya atomu masentimita 33 okha.

Kanthu kakang'ono chotere kangagwetse bwanji thumba la makilogalamu 50? Chifukwa ulendo wa chinthu chilichonse mu spacetime ndi wautali kwambiri kumbali ya nthawi. Ponyani mwala kumwamba kuti ubwerere m'dzanja pakatha sekondi imodzi. Umakwera mamita 1.2. Koma pa mkeka uja, sekondi imodzi ndi yofanana ndi makilomita 300,000. Jambulani m'maganizo mzere wa makilomita 300,000 umene wapatuka mamita 1.2 okha pakati pake: ndi wowongoka kuposa chilichonse chimene mmisiri angapange. Kupindikako n'kochepa, koma ulendo ndi wautali, ndiye kumaonekera. Ndipo lamulo losankhira njira ndi limodzi: chinthu chosiyidwa chokha chimatsata njira imene wotchi yake ingawerenge nthawi yochuluka kwambiri pakati pa ponyamukira ndi pofikira. Kukwera kumapindulitsa, popeza kumwamba nthawi imafulumira. Kuthamanga kumaluzitsa, popeza liwiro limachedwetsa wotchi. Mwala ukakwera pang'ono supindula mokwanira, ukakwera kwambiri uyenera kuthamanga ndipo umaluza. Pokumanira ziwirizi, pa ulendo wa sekondi imodzi, ndi pa mamita 1.2, nambala yomwe ija ya Newton. Kwa ife, palibe malo ena mu Physics yonse pamene mafotokozedwe awiri osiyana chonchi amagwirizana mokongola ngati apa.

Mwana wochenjera adzabwera ndi china: ngati nthaka ikutikankha kumwamba nthawi zonse, bwanji dziko silifufuma ngati mtanda wa mandasi? Bwererani ku dzungu. Yesani kumata tepi mozungulira pa mzere wa kufupi ndi pansi, wofanana mtunda ndi equator paliponse. Tepi idzachita makwinya, chifukwa muyenera kuikhotetsa pang'ono ponseponse kuti isapatuke. Pamalo opindika, kukhala pa mtunda umodzimodzi kumafuna kukhotetsedwa kosalekeza. Ndi mmene zilili ndi ife: njira yathu yowongoka ikulowera pakati pa dziko, miyala ya pansi ikutipatutsa sekondi iliyonse, ndipo zotsatira zake n'zakuti tili pomwepo.

Pali mbali imodzi ya gravity imene kugwa sikuifafaniza, ndipo imeneyo ndiyo chizindikiro chenicheni cha kupindika. Miyala iwiri yogwetsedwa itatalikirana mita imodzi, iliyonse ikulunjika pakati pa dziko, choncho imayandikirana ngati anthu awiri aja. Ikagwa mamita 100 imayandikirana mamilimita 0.016, kuchepera tsitsi limodzi. Kusiyana kotereku pakati pa mbali ya dziko yoyang'ana mwezi ndi mbali inayo ndiko kumakweza ndi kutsitsa madzi a nyanja ya mchere ku Beira kawiri pa tsiku.

Kukanakhala kuti mafotokozedwe awiriwa amagwirizana paliponse, kusankha kukanakhala nkhani ya kukonda. Koma pali malo pamene amasiyana, ndipo paliponse pamene payezedwa, Einstein ndiye wapambana. Mu 1859 Urbain Le Verrier anapeza kuti njira ya pulaneti ya Mercury imasuntha kuposa mmene masamu a Newton amanenera. Chotsalira chake ndi ma arcsecond 43 pa zaka 100, pomwe arcsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 3,600 a digiri. Mu November 1915 masamu a Einstein anatulutsa 43 yemweyo popanda kuwonjezerapo kanthu. Pa kadamsana wa pa 29 May 1919, gulu la Arthur Eddington pa chilumba cha Príncipe ndi lina ku Sobral ku Brazil anayeza mmene kuwala kwa nyenyezi kumakhotera podutsa pafupi ndi dzuwa. Einstein ananena ma arcsecond 1.75, masamu a Newton amapereka theka lake, ndipo miyeso yonse yabwino ya pambuyo pake yatsimikiza 1.75. Theka lowonjezeralo limachokera ku kupindika kwa malo enieniwo, kumene mwala woyenda pang'onopang'ono sukumva koma kuwala kumakumva. Pa 14 September 2015, makina a LIGO ku America anagwira mafunde a spacetime ochokera ku ma black hole (malo a gravity yamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo) awiri amene anagundana.

Umboni wapafupi uli m'thumba mwanu. Masetilaiti a GPS amazungulira pa makilomita pafupifupi 20,200. Kutalikira dziko kumafulumizitsa mawotchi awo ndi ma microsecond 45 pa tsiku, liwiro lawo limawachedwetsa ndi 7, kutsala 38. Pa nthawi imeneyi kuwala kumayenda makilomita 11, pamene GPS imafuna kulondola mpaka mamita ochepa. N'chifukwa chake mawotchiwo amatcheredwa asananyamuke kuti azigunda pa 10.22999999543 MHz m'malo mwa 10.23 MHz (MHz imodzi ndi kugunda ka 1,000,000 pa sekondi). Woyeza malire a munda ku Thyolo, kapena wotsogolera alendo kuchokera ku Likhubula kukwera ku Chambe ali ndi GPS m'manja, akudalira kuwerengera kumeneku.

Nanga Newton atsala pati? Pafupifupi paliponse pamene munthu akugwira ntchito ndi manja. Pano pa dziko, kusiyana kwa mayankho awiriwa sikufika gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000. Taonani madzi a m'mipopi ochokera m'mitsinje ya m'phiri la Mulanje, amene amafika m'midzi popanda pampu. Mamita 10 aliwonse otsika amawonjezera pressure (kupsinja kwa madzi m'paipi) ya pafupifupi 1 bar. Paipi yolembedwa kuti imapirira 6 bar singaikidwe pamalo otsika mamita 100 kuchokera pa thanki; mipopi yonse ikatsekedwa usiku madzi n'kuima, pressure imafika pafupifupi 10 bar ndipo paipiyo imaphulika, kawirikawiri polumikizira. Mankhwala ake ndi kuika thanki yapakati yotsegukira mpweya kuti pressure iyambirenso pa ziro, kapena kugula paipi yolimba. Kuwerengera konseku n'kwa Newton, ndipo amene angayambe kulowetsamo spacetime akungotaya nthawi. Chimodzimodzi womanga mlatho, wopanga denga, ngakhale wowerengera mphamvu ya madzi otsika m'paipi kukazunguliza makina a magetsi.

Akatswiri enieniwo sanasiye mawu akuti force. Amawerengabe gravity pakati pa mphamvu zinayi za chilengedwe, pamodzi ndi ya magetsi ndi maginito, ndi ziwiri za mkati mwa atomu. Masamu a Einstein omwewo atha kulembedwanso ngati field yofalikira m'malo osapindika, n'kupereka mayankho ofanana pa miyeso tatchulayi. Ndiponso gravity sinalumikizidwebe ndi quantum physics (Physics ya tinthu tating'onoting'ono ngati atomu), ndipo graviton, kanthu kamene ena amayembekezera kuti kamanyamula gravity, sikanaonekepo. Choncho mwana asatuluke m'kalasi akuganiza kuti wonena force ndi mbuli. Chokhazikika, chimene sichisintha ngakhale musankhe mawu ati, ndi chimene zipangizo zimaonetsa: chakugwa chimawerenga ziro, chokhala pa tebulo chimawerenga 9.8, wotchi yapamwamba imatsogola.

Pa mayeso a MSCE anawo alembe monga silabasi ikunenera: weight ndi force, W = mg, muyeso wake ndi ma newton, muvi uloze pansi. Thumba la makilogalamu 50 ndi ma newton 500 mukatenga g kukhala 10. Musawasokoneze pamenepa. Koma patulani phunziro limodzi la mphindi 40, mulichitire panja ndi botolo, foni, matiresi ndi dzungu. Pomaliza jambulani buku lili pa desiki kawiri. Chithunzi choyamba chikhale ndi mivi iwiri yofanana, wa W woloza pansi ndi wa desiki woloza kumwamba, ndipo pansi pake mulembe kuti acceleration ndi ziro poyerekeza ndi chipinda. Chachiwiri chikhale ndi muvi umodzi wokha, wa desiki, ndipo mulembe kuti acceleration ndi 9.8 kumwamba poyerekeza ndi chinthu chakugwa. Kenako ikani foni ija pamwamba pa bukulo, mumuitane mwana wa kanema uja awerenge nambala mokweza, ndipo kalasi inene kuti foniyo ikumva muvi uti.